Mpeni kapena insole: wophunzira za mapazi ayambire pati?

Kachala
Moni nonse. Ndili ndi dandaulo, ndipo aphunzitsi amene muli muno mundikhululukiretu. Chaka chino n'chachitatu, koma opareshoni imene manja angawa agwirapo ndi kuchotsa mbali ya chikhadabo cholowa m'mnofu, kawiri kokha, nakonso aphunzitsi ali chilili kumbuyo kwanga. Masiku ena onsewa ndi pulasitala, kudula EVA (labala wopangira ma insole, zoika mkati mwa nsapato), kupala pa makina mpaka fumbi kudzaza m'mphuno. Ine ndinabwera kudzaphunzira kuchiza mapazi, osati kusoka nsapato. Kodi n'kulakwa kupempha kuti atilowetse mu theatre msanga, tiyambe kuona mafupa?

Chidendene
Kkkk aise, wanena zimene tonse timangonong'onezana. Dzulo ndapala insole imodzi maola awiri, amisiri angoiyang'ana kamodzi n'kuti ndiyambirenso.

Mmisiri wa Insole
Ndinati muyambirenso chifukwa kuchidendene kwake inali yopendekeka, mwana wanga. Mukanampatsa munthu, sabata yamawa akanabwera akutsimphina. Za "kusoka nsapato" zo ndazimva, ndiyankha ndikaweruka.

Mayi Mphunzitsi
Kachala, kufunsa sikulakwa. Nanenso ndili pa sukulu ndinkaona ngati tsiku lopanda magazi ndi tsiku longotaya. Koma tiyambe ndi kawiri mukukapeputsako. Tandiuzani, musanabaye jakisoni pa chala chija, munachita chiyani?

Kachala
Ndinafunsa ngati mankhwala ochititsa dzanzi anamuvutapo, ngati amamwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin, ngati ali ndi shuga. Ndinamvetsera kugunda kwa mitsempha iwiri ija, dorsalis pedis pamwamba pa phazi ndi posterior tibial kuseri kwa akakolo chamkati. Kenako ndinawerengera mlingo wa lidocaine, mankhwala a dzanziwo, malinga ndi kulemera kwa munthuyo, n'kubaya mbali zonse ziwiri patsinde pa chala.

Mayi Mphunzitsi
Mwakhoza. Nanga tourniquet, chomangira chija choletsa magazi patsinde pa chala, munaichotsa nthawi yanji?

Kachala
Mmm. Ulendo woyamba munachita kundikumbutsa, aphunzitsi.

Mayi Mphunzitsi
Ndi pamenepotu. Sindikufuna kukuchititsani manyazi pagulu, chifukwa pafupifupi aliyense amaiwala tsiku loyamba. Maso amakhala pa chikhadabo, pa phenol (mankhwala otentha muzu wa chikhadabo kuti chisamerenso), pa kuonetsetsa kuti phenol sanagwere pakhungu labwino, ndipo ukamaliza mtima umati ntchito yatha. Koma opareshoni yaing'onoyi muli zonse zimene zili mu opareshoni yaikulu: kusankha wodwala woyenera, kumufotokozera n'kulandira chilolezo chake, kusunga ukhondo, kuletsa magazi, kudula pamene wafuna osapitirira, kuwerenga zida, ndi kumutsatira mpaka chilonda chitapola. Chilonda cha phenol chimachucha masabata angapo chisanaume, ndipo wophunzira amene sanamuuziretu wodwala zimenezi amamuona akubwera ndi mantha kuti chawola. Munthu amene tourniquet ikumuthawa m'mutu pa chikhadabo, tingamupatse bwanji macheka odulira fupa?

Sisitala wa Theatre
Ndilowererepo pa tourniquet-po. Pa chipatala china chimene ndinagwirako kale, panali chizolowezi chodula chala cha gulovu n'kuchikulunga patsinde pa chala cha wodwala. Chimakhala chopyapyala, mtundu wake ngati wa khungu, ndiye magazi ndi mankhwala zikachipaka sichionekanso. Tsiku lina bandeji inakutira pamwamba pake, wodwala n'kupita kwawo. Dzanzi lija linabisa ululu kwa maola angapo. Mwamwayi anabwerera usiku womwewo dzanzi litatha, chala chitada bii, koma chinapulumuka. Chiyambire pamenepo ine sindilola tourniquet yopanda kachikwangwani kowala, ndipo nthawi yoika ndi yochotsa zimalembedwa, wina n'kunena mokweza kuti yachoka, tonse n'kuona chala chikubwerera mtundu wake. Ophunzira amaseka ndikamawauza kuti anene mokweza. Asekeni, koma anene.

Chidendene
Asisitala mwandiopsa. Funso lapambali: nanga za lidocaine wosakaniza ndi adrenaline pa zala? Buku lina likuti osayerekeza, lina likuti palibe vuto.

Wa Mpeni
Onse awiriwo ali ndi pogwira. Chiphunzitso chakale chinali choti adrenaline amafinya mitsempha ya kuchala mpaka chala kufa. Madokotala ochita opareshoni ya manja atabwereza kuunika nkhaniyi anapeza kuti kwa munthu wa mitsempha yabwino ngoziyo si monga ankaiopera. Koma odwala athu ambiri ndi okalamba, a shuga, osuta, mitsempha yawo njofooka kale. N'chifukwa chake sukulu zambiri zimaphunzitsabe kugwiritsa ntchito wopanda adrenaline pa zala za kuphazi. Inu tsatirani lamulo la pamene mukuphunzirapo.

Tsopano kwa Kachala. Ine ndine amene ndimachita zimene mukusirirazo, ndiye mundimvere pang'ono. Choyamba, palibe dziko limene wophunzira wa digiri yoyamba amadula mafupa yekha. Ku America munthu amayamba wapeza digiri ina, kenako zaka 4 kusukulu ya podiatry, ya kuchiza mapazi, kuti akhale DPM, dokotala wa mapazi, kenako zaka 3 za residency, kuphunzira akugwira ntchito m'chipatala, ndipo manja amazolowera mafupa mu residency-mo. Ku Britain digiri yoyamba imakuloleza kubaya jakisoni wa dzanzi ndi kuchita za zikhadabo ndi khungu. Za mafupa zimafuna masters ndi zaka zingapo pansi pa katswiri, kenako bungwe la HCPC, loyang'anira ogwira ntchito zachipatala, limalemba pa dzina lako kuti ndiwe wololedwa kuchita opareshoni. Ku South Africa, pa University of Johannesburg, maphunzirowa ndi a zaka 4. Ndiye musadzione ngati akukumanani chinthu chimene anzanu kwina akudya.

Chachiwiri ndi nkhani yanga. Ndili wamng'ono pantchito ndinachita opareshoni ya bunion, yowongola chala chachikulu chopendekera kwa zinzake, kwa mayi wina. Ekisire itatuluka ndinadzitama ndekha: chala chowongoka, ngodya yabwerera pansi pa madigiri 15, sikulu yakhala pamalo pake. Miyezi inayi itadutsa mayi uja anabwera akudandaula ululu pansi pa chala chachiwiri, pomwe kale panalibe vuto, khungu litayamba kukhuthala. Chinachitika n'chiyani? Podula ndinafupikitsa metatarsal yoyamba, fupa lalitali la kumbuyo kwa chala chachikulu, pang'ono, mamilimita ochepa chabe. Fupa limenelo limasenza katundu wambiri munthu akamanyamuka kuti aponde kutsogolo. Litafupika, katundu uja anasamukira kwa mnzake woyandikana naye, amene sanalengedwe kuti asenze zochuluka choncho. Ekisire inali yokongola, koma phazi silinkayenda bwino. Amene anandipulumutsa ndi mmisiri wa ma insole, osati mpeni wachiwiri.

Kachala
Anachita bwanji, adokotala?

Mmisiri wa Insole
Ndaweruka tsopano, ndiye ndiyankhe ineyo, ngakhale sindine amene ndinathandiza adokotalawo. Phazi lotere timaliikira kachotupa, metatarsal dome, koma malo ake ndi kumbuyo pang'ono kwa mitu ya mafupa, osati pansi pa mituyo. Ana asukulu khumi, asanu ndi atatu amaika pomwe pakuwawapo, poganiza kuti akuika khushoni. Ukatero waonjezera mwala mu nsapato. Ukaika kumbuyo, katundu amatsikira pa thupi la fupa, mutu uja n'kupuma. Nthawi zina timakumba kadzenje mu insole pansi pa mutu wowawawo n'kudzazamo labala wofewa wa Poron, n'kuonjezera kachidutswa pansi pa metatarsal yoyamba kuti iyambenso kugunda pansi pa nthawi yake.

Ndiye bwana Kachala, "kusoka nsapato" mukunenako ndi kumeneku. Phazi lili ndi mafupa 26 ndi mfundo 33. Dokotala akasuntha fupa limodzi, ena onsewo amamva. Ine ndilibe mpeni, koma ndimasuntha katundu yemweyo ndi zidutswa za labala, ndipo ndikalakwitsa ndimamatula n'kuyambiranso. Iwo akalakwitsa samatula. Kodi si bwino kuphunzira kumene katundu amathawira pa chinthu chomatuka?

Chidendene
Madala apa mwalasa kkkk.

Kachala
Pepani madala, mawu aja ndinalakwitsa. Koma mfundo yanga ikadalipo. Sindikuti andipatse macheka mawa. Ndikuti tizilowa, tiziona. Mayina a maopareshoni a bunion monga chevron, scarf, Lapidus, Akin timawaloweza ngati ndakatulo, mayeso n'kukhoza, koma sindinaonepo fupa la munthu wamoyo likudulidwa. Wodwala akadzandifunsa kuti opareshoniyo imakhala bwanji, ndidzamuwerengera buku?

Wa Mpeni
Apa ndiye ndili mbali yanu. Ngakhale amene sadzagwira macheka moyo wake wonse ayenera kuonapo, chifukwa ndi iyeyo amene adzatumize odwala kwa ife, n'kuwalandiranso tikamaliza. Ngati sanaone m'mene Lapidus imalumikizira mfundo ya patsinde pa metatarsal yoyamba kuti isagwedezekenso, sangamvetse chifukwa chake wodwalayo amatenga nthawi yaitali asanaponde momasuka kuyerekeza ndi wa chevron. Ndiponso sangadziwe chimene insole ingachite ndi chimene singachite pa phazi loti mfundo imodzi yatsekedwa. Aphunzitsi, atumizeni. Awiriawiri, osati gulu lonse.

Mayi Mphunzitsi
Sindikukana, adokotala. Vuto langa ndi kuona kopanda ntchito. Ndatumizapo ana ku theatre, n'kukaima kukhoma maola atatu akuona misana ya anthu, pobwera n'kumati "zinali bwino." Tsopano ndimafuna zinthu zitatu asanapite. Amuone wodwalayo ku kiliniki asanagonekedwe, amuone akuyenda wopanda nsapato. Ayeze okha ngodya pa ekisire yojambulidwa munthu ataimirira, chifukwa yojambulidwa atagona imanama, phazi losasenza katundu limaoneka labwino kuposa m'mene lilili. Ndipo alembe pa pepala opareshoni imene iwo akanasankha ndi chifukwa chake, ngakhale alakwitse. Akatero, akaima mu theatre amakhala ndi funso m'mutu.

Pali chithunzi chimene George Miller anapereka mu 1990 chimene ife ophunzitsa za chipatala timachigwiritsa ntchito: pansi pali kudziwa, kenako kudziwa kachitidwe kake, kenako kuonetsa kuti ungathe, pamwamba penipeni kuchita pa munthu weniweni. Kachala akufuna kudumpha kuchoka pa sitepe yoyamba kufika yachinayi. Yachitatu ija ndi imene imatopetsa: kusoka pa khungu la labala mpaka mfundo zisiye kumasuka, kupala sopo ndi mpeni wa nambala 10 mpaka dzanja liphunzire kuchotsa kachidutswa kopyapyala, kudula mafupa apulasitiki, kutsegula phazi la mtembo kuti uone pamene mitsempha imadutsa. Koma ndi yokhayo imene ungalakwitse popanda munthu kulira.

Wamaliza Chaka Chatha
Ndakhala chete koma ndilankhulepo, mwina ndisokoneza. Ine vuto langa silinali kuchepa kwa theatre. Linali loti za ma orthotic, ma insole ochizira aja, zimene tinaphunzitsidwa, theka lake ndi zachikale. Tinathera miyezi tikusaka ndi zala subtalar neutral (pamene mfundo ya pansi pa akakolo siinapendekere mkati kapena kunja), kugwira mutu wa fupa la talus mbali ndi mbali, kuumba pulasitala phazi lili pamenepo, ngati kuti phazi lililonse losakhala pa neutral ndi lodwala. Maganizo amenewa ndi a Merton Root ndi anzake, a m'zaka za m'ma 1970. Atayesedwa, zinapezeka kuti anthu awiri oyeza phazi limodzi sagwirizana kawirikawiri pa neutral-yo, ndiponso anthu opanda vuto lililonse sayenda phazi lili pa neutral monga ankanenera. Ndiye tikuwavutitsiranji ana?

Mmisiri wa Insole
Achimwene, ine ndaumba mapazi mwa njira ya Root zaka zambiri, ndipo anthu amabwera kudzathokoza. Ngati ndi yabodza, akuchira ndi chiyani?

Wamaliza Chaka Chatha
Sindinati ma insole anu sagwira ntchito, madala. Ndikuti chifukwa chimene timapereka n'cholakwika. Sakuchira poti mwawongola phazi. Akuchira poti mwachepetsa mphamvu imene imakoka kapena kupsinja mnofu wovulalawo. McPoil ndi Hunt analemba zimenezi mu 1995: peza kaye kuti chavulala n'chiyani, chepetsa katundu pa chimenecho, chipatse nthawi chipole. Kevin Kirby nayenso anaonetsa kuti chofunika ndi pamene mzere wozungulirapo mfundo ya subtalar wadutsa, chifukwa ukakankha mkati mwa mzerewo phazi limapendekera kwina, ukakankha kunja limapendekera kwina. N'chifukwa chake medial heel skive, kukweza insole mbali yamkati ya chidendene, imathandiza phazi logwera mkati kwambiri. Ndipo pa ululu wa pansi pa chidendene, kafukufuku wa ku Australia wa mu 2006 anapeza kuti insole yogula yopangidwa kale ndi youmbidwa pa phazi la mwiniwake zinathandiza mofanana. Wophunzira ayenera kudziwa zimenezi asanayambe kuumbira aliyense.

Mmisiri wa Insole
Pa chidendene chowawa ndavomera. Koma mundibweretsere phazi la Charcot, la munthu wosamva ululu, mafupa ataphwanyika mkati, lomwe pakati pake pagwa n'kutulukira pansi ngati mpando wogwedeza, kapena la munthu amene anadulidwa zala zitatu, mundionetse insole ya m'paketi imene ingakwane pamenepo. Tsiku limenelo mwana amene sanadetse manja ndi pulasitala adzangoima. Ndipo masiku ano akuti scanner, akuti 3D. Zabwino, nanenso ndimagwiritsa ntchito. Koma scanner imajambula phazi m'mene waligwirira. Ukaligwira molakwika, kompyuta imakupangira cholakwika chosalala bwino.

Mayi Mphunzitsi
Inu awiri mukukangana koma mukukoka chingwe chimodzi. Ine Root ndimamuphunzitsabe, masabata awiri osati miyezi, pa zifukwa ziwiri. Mawu amene amalembedwa pa fomu yopita kwa amisiri, monga posting, forefoot varus, heel cup, ambiri anachokera kumeneko, ndiye osawadziwa sangalankhulane ndi labu. Chinanso, kusaka neutral kumaphunzitsa zala kumva mfundo ikuyenda, ngakhale nambala imene upeze isakhale yodalirika. Kenako ndimawauza poyera pamene maganizowo anagwera. Chimene sindilola ndi mwana kundiuza kuti "phazi ili ndi lophwatalala, likufunika insole." Ndimafunsa kuti chikuwawa n'chiyani. Mapazi ophwatalala ambiri alibe mlandu.

Chidendene
Aphunzitsi, pamenepo ndi pamene ndimasokonezeka pa OSCE, mayeso ochita ndi manja aja. Ndikaona phazi lagwera mkati, mutu umathamangira kukonza.

Mayi Mphunzitsi
Muimiritseni pa zala, muone ngati chidendene chikutembenukira mkati ndi arch, kupindika kwa pansi pa phazi kuja, kubwerera. Kwezani chala chachikulu ali chiimire, muone ngati arch ikukwera. Ndi windlass ija Hicks anafotokoza mu 1954. Zikachitika zonsezi ndipo palibe ululu, musiyeni munthu apite. Zikakanika, makamaka phazi limodzi lokha ndipo pali ululu kuseri kwa akakolo chamkati, ganizirani za msempha wa tibialis posterior. Tikambirana Lachiwiri.

Woyang'anira Gulu
Abale, amene mukutumiza zithunzi za mapazi a odwala ku inbox kuti ndiziike pano, sindiika. Ngakhale nkhope isaoneke, popanda chilolezo cholembedwa ayi. Jambulani ndi pensulo ngati mukufuna kufotokoza. Pitirizani.

Sisitala wa Zilonda
Ine ndimagwira ku kiliniki ya mapazi a anthu a shuga, ndipo mkangano wa mpeni ndi insole kwathu kuno sumveka n'komwe, chifukwa chimodzi popanda chinzake ndi kutaya nthawi. Ophunzira amakonda kupala chilonda. Amachotsa khungu lokhuthala lozungulira, pansi n'kuoneka pofiira bwino, amanga bandeji yaukhondo, wodwala n'kuvala nsapato yomwe ija inabweretsa chilondacho, n'kumapita. Sabata yamawa chilonda chili pomwepo. Munthu amene mitsempha yake yomvera inafa samva kuwawa, ndiye satsimphina, amaponda pabala ndi thupi lonse kambirimbiri patsiku.

Zimenezi anazimvetsa bwino Paul Brand, amene ankathandiza odwala khate ku India kenako ku Carville, ku America. Anaonetsa kuti zilonda za mapazi opanda kumva sizibwera chifukwa mnofu ndi wowola mwa iwo wokha, koma chifukwa cha kupsinjika kobwerezabwereza pamalo amodzi. Ndi iye anafalitsa chikhakha chogwira phazi lonse ndi mwendo mpaka pansi pa bondo, total contact cast. Mpaka lero malangizo a bungwe la IWGDF, loona za mapazi a anthu a shuga padziko lonse, amati pa chilonda cha pansi pa phazi chobwera chifukwa cha kufa kwa mitsempha yomvera, choyamba kusankha ndi chotchinga chofika m'bondo chimene wodwala sangavule yekha. Bwanji chosavula? Armstrong ndi anzake mu 2003 anapeza kuti odwala opatsidwa jombo yovula ankaivala pa masitepe 28 okha mwa 100 alionse amene ankaponda patsiku. Sikuti ndi anthu osamva. Ukadzuka usiku kupita kuchimbudzi ndipo phazi silikuwawa, ungakumbuke jombo?

Ndiye Kachala, pulasitala mukuidandaulayo, kuika chikhakha chimenechi bwino ndi luso lovuta kuposa kuchotsa chikhadabo. Chikathina pa fupa la akakolo chimabala chilonda chatsopano, ndipo mwiniwake sakuuzani poti samva. Chikakhwepa phazi limasisitika mkati. Choyamba chimasinthidwa pasanathe sabata chifukwa kutupa kukaphwa chimakhwepa. Ndipo pa phazi la mafinya ozama kapena loperewera magazi kwambiri sitiika.

Wa Mpeni
Ndionjezere kamodzi pa za asisitala. Pali opareshoni yaing'ono imene ndimakonda kuonetsa ophunzira: chala chopindika ngati chikhadabo cha nkhuku, nsonga yake ikugunda pansi n'kuchita chilonda. Timadula msempha wopinda chalacho, flexor tenotomy, pa kabowo kakang'ono, mphindi zochepa. Chala chimawongoka, nsonga imasiya kugunda. Kunena zoona imeneyi ndi insole yochitidwa ndi mpeni, cholinga n'chimodzi. Koma uyenera kuyamba waona ngati chalacho chimawongoka ukachikoka ndi dzanja. Ngati mfundo inauma kale, kudula msempha sikuthandiza. Ndipo ukamaliza uyang'anire zala zoyandikana nazo, chifukwa katundu uja sasowa kopita.

Chidendene
Zikufanana ndi za Ponseti eti? Pa ana obadwa ndi mapazi opindika.

Wa Mpeni
Ndendende. Ignacio Ponseti, ku University of Iowa, anaona kuti ana ochitidwa opareshoni yaikulu ankakula ndi mapazi ouma ndi owawa. Njira yake ndi kuwongola pang'onopang'ono ndi manja, chikhakha chatsopano sabata iliyonse, kawirikawiri kasanu kapena kupitirira pang'ono, kenako kwa ana ambiri kudula msempha wa Achilles pa kabowo kakang'ono, kenako nsapato ziwiri zolumikizidwa ndi chitsulo: maola 23 patsiku kwa miyezi itatu, kenako pogona pokha mpaka zaka 4 kapena 5. Mpeni umagwira ntchito masekondi, chitsulo chija zaka zinayi. Ndipo mapazi ambiri amene amabwerera mwakale amatero chifukwa chitsulocho chinasiyidwa. Amene angathe kukhala pansi ndi kholo lotopa n'kulifotokozera chifukwa chake mwana azigonabe ndi chitsulo ndi amene wachiza phazilo.

Wamaliza Chaka Chatha
Koma tisamunamize Kachala kuti zonse ndi insole. Pali mapazi amene ndinawasunga miyezi isanu ndi umodzi ndikusinthasintha ma padi, pamene ankafunika dokotala kalekale. Mayi wina wa Morton's neuroma, kutupa kwa mtsempha womvera pakati pa chala chachitatu ndi chachinayi, ndinamuzunza ndi ma dome atatu osiyana poopa kuoneka ngati ndalephera. Kuchedwa kutumiza nakonso ndi kulakwa, ndipo kusukulu sitinaphunzitsidwe kuti usiye liti.

Mayi Mphunzitsi
Apa mwatigwira, ndipo ndavomera. Timaphunzitsa kuyamba, kusiya sitiphunzitsa. Chaka chino ndayamba kuwauza ana kuti polemba ndondomeko ya chithandizo alembenso tsiku lounikanso, ndi chimene adzachite ngati palibe kusintha. Koma pali zina zosadikira n'komwe. Phazi la munthu wa shuga lotupa, lofiira, lotentha kuposa linzake ndi madigiri oposa 2, popanda bala, litengeni ngati Charcot mpaka zitatsimikizika kuti si iyeyo. Asaponde, apite tsiku lomwelo. Ambiri amangopatsidwa mankhwala a mafinya n'kubwerera kwawo akuyenda, mafupa n'kumaphwanyika mkati.

Kachala
Ndawerenga zonse kawiri. Sindinasinthe maganizo pa zoti tizilowa mu theatre, koma pepala la aphunzitsi lija ndilemba. Adokotala, Lachisanu muli ndi bunion?

Wa Mpeni
Ziwiri. Bwerani ndi ngodya zanu zoyezayeza, ndipo mudye kaye m'mawa. Wa chaka chatha anakomoka macheka atangolira.

Wamaliza Chaka Chatha
Adokotala, zimenezo tinagwirizana kuti sizidzatchulidwanso kkkk.

Kachala
Ndabweranso patapita masiku, ndikuuzeni zimene zachitika lero. Ndinapatsidwa chikhadabo chachitatu, bambo wachikulire, chala chachikulu chakumanja. Zida zinali zokonzeka, ine mtima uli m'mwamba kuti buku langa lolembamo maopareshoni lisainidwa. Pogwira mitsempha, kumanzere ndinamva, kumanja zii. Ndinaganiza kuti ndi zala zanga, ndinayesanso, zii. Phazi lozizira, tsitsi la pa zala palibe. Nditafunsa bwino anati akayenda kamtunda kochepa katumba amawawa mpaka aime, akapuma ululu umatha. Ankangoti ndi ukalamba. Ndi Doppler, kachipangizo komvera kuyenda kwa magazi, phokoso linali limodzi lofooka, ABPI (kuthamanga kwa magazi pa akakolo poyerekeza ndi pa mkono) inatuluka 0.6. Monofilament ya magalamu 10, kaulusi koyezera ngati phazi likumva, ankaimva bwinobwino. Aphunzitsi anaimitsa opareshoni, tangodula kansonga kolasa kaja mosamala, tamanga, talemba kalata yopita kwa a mitsempha ya magazi. Bamboyo anakhumudwa, akuti anabwera kudzachotsa chikhadabo osati kudzapatsidwa matenda ena. Inenso buku langa likadali pa kawiri.

Sisitala wa Zilonda
Pansi pa 0.9 ndi chenjezo kale, ndiye 0.6 ndi phenol pamwamba pake, chilonda chimenecho chikanabwera kwa ine ndipo sindikudziwa ngati chikanapola. Kumbukiraninso kuti kwa a shuga nambalayi imatha kukwera monyenga, kupitirira 1.3, mitsempha ikauma. Pamenepo yezani kuthamanga kwa magazi pa chala.

Mayi Mphunzitsi
Bweretsani bukulo mawa, Kachala. Tsamba lakumbuyo lili ndi mzere wa wodwala amene munamuunika n'kupeza kuti sayenera opareshoni. M'kalasi mwanu palibe amene wasainidwapo pamenepo.

Mmisiri wa Insole
Mukachoka kwa aphunzitsi mudzere ku labu. Bambo ameneyo nsapato yake ikumufinya kutsogolo, ndaiona pamene amatuluka, ndipo podikira a mitsempha chala chimenecho chisakhudzane ndi kanthu. Mudzayeze phazi lake ndi nsapatoyo, tione ngati tingaifutukule kapena afunika ina yotakasuka kumphuno. Insole yanu ya Lolemba ija ilinso pano, m'mphepete mwake mukadali mwakuthwa.

Chidendene
Madala, yanga ija?

Mmisiri wa Insole
Yanu yakhala bwino. Mwiniwake abwera 10 koloko, mudzamuveke nokha.